Spitfire ya 1/48: kusungunula penti m'nyengo yotentha

Kunsi kwa Spitfire Mk.Vb yanga, kandege kapulasitiki ka kampani ya Tamiya, kwatha. Ndapoperako penti wa XF-83, imvi yowala ija ya Medium Sea Gray, ndipo yauma bwino moti timizere ta mapanelo ndi timitu ta misomali tikuonekabe. Tsopano ndili pamwamba, pofunika XF-82 ndi XF-81, imvi ndi gilini. Mitundu imeneyi asilikali a ndege a ku Britain (RAF) anayamba kupaka ndege zawo zomenyera nkhondo masana mu August 1941, atasiya bulauni chifukwa ndegezo zinali zitayamba kuuluka kwambiri pamwamba pa nyanja popita ku France.

Ambiri mumafunsa kuti madontho angati a thina (mankhwala osungunulira penti) pa madontho angati a penti. Ine ndimayamba theka ndi theka, thina wa Tamiya X-20A ndi penti, singano ya 0.3 mm mu airbrush (kachipangizo kopopera penti ndi mphepo), mphepo pa 18 psi. Koma apo ndi poyambira chabe. Botolo lomwe lakhalitsa limakhala lolimba kuposa latsopano, komanso XF-2 yoyera siyenda mofanana ndi XF-1 yakuda. Paja amati penti azikhala ngati mkaka, ndipo n'zoona ndithu, koma maso anga sindiwadalira okha. Ndimatenga burashi yakale, ndikukoka dontho limodzi m'mbali mwa kakapu kosakanizira. Likatsika msanga n'kusiya kamzere kopyapyala ka mtundu, ndiye kuti tayandikira. Likakakamira pomwepo ndimawonjezera thina.

Kenaka sipuni yapulasitiki. Sindipopera ndege ndisanayese kumsana kwa sipuni, chifukwa pepala limamwa penti n'kubisa vuto. Penti wolimba amatuluka molavula timadontho, airbrush n'kumachita ngati ikutsamwa. Wamadzimadzi kwambiri, kapena mukayandikitsa mphepo ili yambiri, amathamangira mbali zonse timizere, pakati n'kutsala poyera. Woyenera amagwa monyowa pang'ono, kunyezimira kamphindi, kenaka n'kuzilala.

Chandivuta sabata ino ndi kutentha kwa October. Penti amaumira m'malere asanafike pa phiko, ndiye mukapitsapo chala mumamva kukhakhala, makamaka pomwe phiko lakumana ndi thupi la ndege, poti mphepo imazungulira pamenepo. Kunsonga kwa singano nakonso kumaundana kachotupa ka penti wouma, mzere n'kuyamba kudukaduka. Ndathana nazo potsitsa mphepo, kuyandikitsa airbrush, ndi kuthira pang'ono Paint Retarder ya Tamiya, yochedwetsa penti kuuma, osapitirira gawo limodzi pa magawo 10 a penti. Mukachulutsa mudikira mpaka kutopa, penti osauma. Pambali ndimaika kathonje konyowetsa ndi thina kopukutira nsonga pafupipafupi. Ndasinthanso nthawi, ndikupopera m'mamawa kusanatenthe.

Pa malire a gilini ndi imvi ndafuna mzere wofewa pang'ono, choncho ndasungunula kwambiri: gawo limodzi penti, awiri thina, mphepo pa 12 psi, nsonga ili masentimita awiri kapena atatu kuchoka pa phiko. Ulendo woyamba mtundu suoneka n'komwe, ndipo mtima umafuna kukoka chala kwambiri. Pirirani. Ukamafika ulendo wachitatu kapena wachinayi gilini amakhala wakwana, mapanelo osakwiririka.

Anzanga amene mukuyamba kumene, chonde musaone mawu akuti acrylic pa botolo n'kuganiza kuti onse ndi amodzi. Penti wa Tamiya muli alcohol, n'chifukwa chake amalola isopropyl X-20A ikasowa, ngakhale amauma msanga kwambiri, zomwe nyengo ino si zabwino. Amalolanso lacquer thinner monga Mr. Color Leveling Thinner, ndipo amasalala mokongola, bola mutsegule mawindo ndi kuvala chotchinga mphuno chokhala ndi mafyuluta. Vallejo Model Color ndi wina, ngwamadzi. Mukamuthira isopropyl amaundana n'kutseka nozzle, kabowo kotulukira penti. Ameneyo mpatseni thina wake wa Vallejo ndi dontho la Flow Improver, yothandiza penti kuyenda bwino. Ine ndamugwiritsa ntchito ndi burashi mokha, m'chipinda cha woyendetsa ndege, pa malamba ndi mpando.

Ndimasakanizira m'kakapu kapadera, osati m'kapu ya airbrush, chifukwa penti wolemera amatsikira ku nozzle thina n'kutsala pamwamba. Botolo nalonso ndimalitakasa ndi kamtengo mpaka pansi, kugwedeza kokha sikukwanira.

Phiko lakumanzere latha, lakumanja ndi mchira zatsala. Zikauma ndimata tepi n'kupopera XF-21 pa lamba wa kumchira ndi pamphuno, kenaka X-22 wonyezimira ndisanamate ma decal, zizindikiro zomata za ndege. Ndiyeneranso kugula kasefa kotchinga madzi pa paipi ya kompresa mvula isanagwe, chifukwa chinyontho chikachuluka airbrush imalavula madzi pakati pa ntchito.