Ngongole ya apongozi inamulondola Jefferson mpaka kumanda

Usiku wathawu ndimawerenga makalata a Thomas Jefferson, pulezidenti wachitatu wa America, ndipo tulo sindinatione. Apongozi ake, John Wayles, atamwalira mu 1773, banja la Jefferson linalandira malo aakulu ndi akapolo 135, koma chuma chamasiyecho chinabwera ndi ngongole kwa amalonda a ku Britain. Jefferson anagulitsa minda kuti abweze, ogulawo n'kumulipira ndi ndalama zapepala zomwe nkhondo yomenyera ufulu wa America inali itazithetsa mphamvu. Ngongole inangokhala pomwepo. Pomwalira pa 4 Julayi 1826 anasiya ngongole yoposa madola 100,000.

Chikundiwawa ine n'chakuti kuyambira mu Januwale 1827 akapolo pafupifupi 130 a ku Monticello, munda waukulu womwe Jefferson ankakhalako, anagulitsidwa ngati katundu, mabanja n'kubalalika, pobweza ndalama zomwe iwo sanakongole n'komwe.