Ife akuchigwa tikafuna kukagona paphiri: nkhani ya sleeping bag

Abale anga aku Nsanje, Bangula, Ngabu, Nchalo mpaka pa Dyeratu, masiku ano achinyamata ambiri akupanga magulu okakwera Mulanje, ena mpaka ku Nyika, ndipo ine zimandisangalatsa kwambiri. Koma chomwe chimandidetsa nkhawa nchakuti ambiri amakonzekera nsapato, chikwama, chakudya, power bank, zogonera monga sleeping bag, thumba lofunda lomwe munthu amalowamo pogona, amaziganizira kumapeto, ena amangopinda bulangete la pabedi nkumati zikwana. Sizikwana ayi.

Kuno tili pansi penipeni pa dziko. Malo otsika kwambiri m'Malawi muno ali kwathu kuno ku Nsanje, pomwe Shire amalowera ku Mozambique, mamita 37 okha kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Sapitwa, nsonga yayitali kwambiri ya phiri la Mulanje, ndi mamita 3,002. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka pa mamita 1,000 alionse omwe mwakwera, ndiye nyumba zogona paphiri paja monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo zomwe zili cha m'ma mamita 2,000, werengani nokha, ngati usiku wa mu Juni kuno kwatsika kufika madigiri 14 ndipo tonse tavala majuzi tikudandaula, kumtundako kuli pafupi ndi 1. Muwonjezerepo chiperoni, mphepo ndi nkhungu yonyowetsa zovala ija. Ku Nyika mu Juni ndi Julaye chisanu chimagwa ndithu, udzu kuyera m'mamawa. Ndipo matupi athuwa anazolowera kugona pakhonde mu Okutobala kuthawa kutentha m'nyumba, kuzizira timakumva msanga kuposa mnzathu wa ku Dedza.

Tsono pogula sleeping bag, poyambira ndi kalebulo kake kosonyeza kuzizira komwe ingapirire. Ma sleeping bag abwino amayezedwa pa muyezo wotchedwa ISO 23537, akalekale amalemba EN 13537, ndipo pamakhala manambala atatu: comfort, limit ndi extreme. Apa mpomwe anthu amapusitsika chifukwa ogulitsa amakuloza nambala ya extreme, mwina -15, iwe nkumati eee iyi nde yamphamvu. Nambala imeneyo sikuti ugona tulo ayi, ikungonena kuti mwina kucha uli moyo koma ukunjenjemera usiku onse ndipo thupi litha kuzizira mpaka kufika poopsa. Limit ndi pomwe mwamuna wosamva kuzizira msanga amagona atadzipinda. Comfort ndi pomwe munthu womva kuzizira amagona bwinobwino atatambasuka, ndipo ife akuchigwa, amuna ndi akazi omwe, tiziyang'ana imeneyi basi. Kwa Mulanje nyengo yozizira ine ndinganene comfort ya 0, ngati mukagona mu tenti osati m'nyumba zija, itsike pang'ono kufika -5. Ikakhala yopanda kalebulo ndipo ndi yopyapyala, yamakona anayi ngati envulopu, imeneyo ndi yogonera kunyanja, isiyeni.

Zam'kati zilipo mitundu iwiri. Ina amaikamo nthenga zofewa za pachifuwa cha bakha kapena tsekwe, amalemba down, ina ndi ulusi wa fakitale, synthetic. Ya nthenga ndi yopepuka, imapindika kukhala kakang'ono m'chikwama ndipo imakhalitsa zaka zambiri ukaisamala, mukaona palembedwa fill power 600 kapena 800 ndiye kuti nambala ikakwera nthengazo zimafufuma kwambiri pa kulemera komweko. Vuto lake ikanyowa basi zatha, nthenga zimamatana, sizisunganso kutentha ndipo kuuma kwake nkovuta kwabasi paphiri popanda dzuwa. Ya synthetic ndi yolemerako, imadya malo, koma ngakhale itanyowa pang'ono imafundabe, imauma msanga, kuchapa nkosavuta, mtengo nawonso ndi wofikirika. Ndi nkhungu ya pa Mulanje ija, munthu amene akungoyamba kumene ndimamuuza kuti atenge synthetic asavutike mtima. Ndipo iliyonse mwa ziwirizi muziyamba mwaikulunga mu jumbo yayikulu musanaiike m'chikwama.

Chomwe chimafunditsa si nsalu koma mpweya womwe watsekeredwa m'katimo, thupi lanu ndi lomwe limautenthetsa. Nchifukwa chake kasokedwe kali ndi ntchito. Zija zopanikiza kumiyendo zokhala ndi chipewa kumutu, amati mummy, zimafunda kuposa zotakasuka chifukwa mpweya woti muutenthetse ndi wochepa. Ikhale ya msinkhu wanu, ikatalika kwambiri mapazi amazizira, ikafupika mumakanikiza zam'katizo nkuphwatalala. Onaninso ngati kuseri kwa zipi kuli kamzere kofufuma kotchinga mphepo, ndi kachingwe kokokera pakhosi.

Ambiri tigula pa kaunjika, ku Limbe kapena ku Blantyre, palibe cholakwika, zabwino zimapezeka ukakhala ndi diso. Itambasuleni pomwepo, igwedezeni, dikirani pang'ono muone ngati ikudzuka. Ikangogona phwatalala ndiye kuti inatopa kale ngakhale lebulo itanena zotani. Iyang'aneni padzuwa, pomwe kuwala kukudutsa mpomwe kuzizira kudzalowere. Zipi muikoke kukwera ndi kutsika kangapo, inunkhizeni ngati ili ndi fungo la nguwi, ndipo musachite manyazi kulowamo anthu akuona, ndalama ndi zanu.

Pali china chomwe anthu sachiwerengera konse, choyala pansi. Mbali yomwe mwaigonera imaphwatalala ndiye pansi pamakoka kutentha kwa thupi usiku onse, moti manambala a pa lebulo aja amayezedwa munthu wachidole atagona pa kamatiresi, osati pa simenti kapena pa thanthwe. Mphasa kapena mkeka sizitchinga kuzizira kwenikweni. Pezani kamatiresi kopinda ka thovu lolimba kapena kopopa, akalemba R-value, nambala yosonyeza mmene kamatchingira kuzizira, ikhale 3 kapena kuposa, ngati mulibe sanjikizani tiwiri ta thovu. Sleeping bag yodula pansi popanda kanthu imagonja kwa yotchipa yomwe ili pa kamatiresi kabwino.

Pogona vulani zomwe munakwera nazo chifukwa zili ndi thukuta, valani zouma, sokosi ndi chipewa chaubweya. Idyani kaye chakudya chotentha. Botolo lolimba lothira madzi otentha, lotseka bwino, mulikulunge mu sokosi nkuliika kumapazi. Mphuno ndi pakamwa zikhale panja, mukamapumira m'kati mumanyowetsa zam'katimo. Ndipo chonde chonde, mbaula kapena stovu mu tenti yotseka ayi, mpweya woipa wotuluka pa makala uja sununkha koma umapha anthu ali mtulo.

Mukatsika Thabwa kubwerera kwathu kuno, iyanikeni pamthunzi iume bwinobwino, musaisiye yofinyidwa m'kathumba kake kakang'ono kaja miyezi yonse chifukwa imasiya kufufuma. Ipachikeni kapena muiike momasuka mu thumba lalikulu la nsalu, pamalo pouma, kutali ndi makoswe komanso denga lodontha nthawi ya dzinja.