Lamba ankawadula khosi, nchifukwa ankamupisa kunkhwapa

Abambo anga ali ndi zaka 74 ndipo amayendetsabe okha ka Corolla kawo, kaja anagula atangopuma ntchito yauphunzitsi. Kutchalitchi, kuchigayo, kumaliro, konseko amapita okha ndipo ine sindikufuna nkomwe kuti wina awalande makiyi, galimoto imeneyi ndi miyendo yawo.

Mwezi wa June tinachokera limodzi ku Ntcheu kupita ku Dedza, iwo pachiwongolero ine pambali. Tikufika pa Lizulu, mukudziwa mmene pamakhalira anthu a tomato ndi kabichi mpaka mumsewu, kamwana kanangotulukira kuseri kwa minibasi, abambo nkuponda buleki mwamphamvu. Mwana sanakhudzidwe, tithokoze Mulungu, koma iwo anagwira nthiti nkukhala chete kwa kanthawi. Mpamene ndinaona kuti lamba amanga inde, koma mbali yodutsa paphewa ija aipisa kunkhwapa. Nthiti zinawawa masabata atatu, kutsokomola kokha inali nkhondo.

Ndinawafunsa kuti bambo, bwanji mumamanga chonchi? Akuti "iwe, chinthu chimenechi chimandidula khosi." Ndinayang'anitsitsa ndipo sankanama ayi, lambayo amadutsa pakhosi penipeni mpaka kukhudza chibwano. Munthu akamakula msinkhu umabwerera, msana umapindika pang'ono, ndiye mpando omwe unkawakwana zaka 15 zapitazo pano akuchita kumiramo. Ife timangoti madala ndi amakani, chonsecho galimoto sinasinthidwe kuti igwirizane ndi thupi lomwe ali nalo lero.

Chomwe chinandikhudza nchoti mankhwala ake anali pompo. Pa chipilala chapakati pa chitseko chakutsogolo ndi chakumbuyo, pomwe lamba amatulukira, galimoto zambiri zochokera ku Japan zili ndi kabatani, ukakadina kachitsulo kaja kamakwera kapena kutsika. Zaka zonsezi kanali pamwamba penipeni, mwina mmene anakasiyira mwini wake woyamba. Tinakatsitsa kawiri basi lamba nkudutsa pakati pa phewa, kutsetsereka pachifuwa bwinobwino. Abambo anangoti "aaa, kani?"

Lamba wa nsonga zitatu timamangayu anamupanga Nils Bohlin, injiniya wa ku kampani ya galimoto ya Volvo, mu 1959, ndipo kampaniyo inalola ena onse kumugwiritsa ntchito osalipira. Nzeru yake ndi yoti mphamvu ya ngozi igwere pa mafupa olimba, paphewa, pachifuwa ndi m'chiuno. Ukamupisa kunkhwapa mphamvu yonse imathera munthiti, mutu nkupita kutsogolo, ndipo mafupa a munthu wamkulu sali ngati a mnyamata, sachedwa kuthyoka komanso amachedwa kupola. Wam'munsiyu naye azigona m'chiuno pamwamba pa ntchafu, osati pamimba. Tsiku lija abambo anavalanso chijekete chokhuthala cha kuzizira kwa ku Dedza, lamba amangoyandama pamwamba pake osagwira thupi. A WHO amati lamba amachepetsa chiopsezo cha imfa mpaka ndi theka, koma ameneyo ndi lamba omangidwa moyenera, osati zija zongokoleka poona apolisi pa rodibuloko kapena kumumanga kumbuyo kwa msana kuti alamu isiye kulira.

Loweruka lotsatira ndinapitanso tinakhala panja pamthunzi wa mango kukonza zina. Mpando anaukokera kutsogolo kwambiri kuti phazi lizifika pa buleki, chifuwa pafupifupi kugunda chiwongolero, pomwe airbag, thumba lija limafufuma kuchokera m'chiwongolero pangozi, imafuna mpata wa masentimita 25 chifukwa imaphulika ndi mphamvu yoopsa. Tinayeza ndi tepi ya amayi yosokera. Tinakweza mpando ndi chogwirira cham'mbali kuti maso aziona msewu pamwamba pa chiwongolero osasuzumira, tinaubweza m'mbuyo pang'ono koma bondo likhalebe lopindika akaponda buleki mpaka pansi. Pilo wofewa ankakhalira uja ndinawapempha achotse, amaterereka ndipo pangozi munthu ukhoza kudutsa pansi pa lamba. Chotsamira mutu chinali pakhosi, tinachikweza kuti pakati pake palingane ndi makutu. Magalasi am'mbali tinawatsegulako kunja popeza khosi lawo silitembenuka ngati kale, ndipo a kabaza amangotulukira paliponse. Lambayo anali wakuda ndi thukuta ndi fumbi moti samabwerera yekha, tinamusolola yense nkumutsuka ndi madzi ofunda a sopo, nkumusiya aume asanalowe.

Amayi amakhala kumbuyo ndipo iwo samamanga nkomwe, akuti kumbuyo kulibe vuto. Ndinawauza kuti galimoto ikagunda, munthu wakumbuyo osamanga amauluka nkukamenya amene ali kutsogolo kwake, kutanthauza amuna awo kapena ine. Anakhala chete, kenako anafunsa kuti chomangira chake chili pati. Chinali chitalowa pansi pa mpando, tinachita kuchisolola ndi waya.

Chatsala ndi maso. Abambo akudandaula kuti usiku magetsi a galimoto zobwera kutsogolo amawathobwa, ndawaonetsa kachala kapansi pa galasi lam'kati kochepetsa kuwala kwa zakumbuyo, koma zakutsogolozi ndikuopa ingakhale ng'ala. Tagwirizana kuti dzuwa likalowa asamagwire msewu wa M1, ndipo mwezi wamawa ndikawatenga tikayezetse maso ku Lilongwe.