Mmene ndinasankhira njira yolandirira zanyengo ndili mumlengalenga

Ndimayendetsa kandege ka Cessna 182 pakati pa Lusaka ndi Mfuwe, ulendo wa maola pafupifupi awiri, ndipo dzinja likayamba mu Novembala, malipoti a METAR (a mmene nyengo ilili pabwalo la ndege) ndi TAF (olosera mmene idzakhalire) amene ndimawerenga pabwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka amakhala atatha kale ntchito ndisanafike n'komwe pakati pa njira. Kamtambo koyera ka 12 koloko kamatha kusanduka chiphiri chakuda cha mabingu pofika 2 koloko. N'chifukwa chake ndinayamba kufufuza njira yoti zanyengo zizindipeza ndili m'mwamba momwemo.

Funso loyamba limene ndinafunsa linali lakuti, kodi chinthuchi chimagwira ntchito kuno kwathu? Funso limeneli linachotsa njira ziwiri zimene zimatamandidwa kwambiri pa intaneti. FIS-B, njira yotumizira zanyengo ku ndege imene imabwera kwaulere kudzera mu ADS-B (makina a wailesi oonetsa pamene ndege zili) pa 978 MHz, imaulutsidwa ndi milongoti ya ku America kokha, ndipo setilaiti za kampani ya SiriusXM zimatumikira North America, osati Africa. Mnzanga wina anagula kachipangizo kolandirira FIS-B pamtengo wokwera, koma atakayatsa m'ndege kuno sikanamubweretsere lipoti la nyengo ngakhale limodzi. Zinandimvetsa chisoni, chifukwa funso limodzi kwa wogulitsa likanamupulumutsira ndalamazo.

Netiweki ya foni sindinachedwe nayo, chifukwa imayamba kudukaduka ndege ikangokwera, ndipo pamwamba pa mapiri ndi chigwa cha Luangwa siyodalirika.

Chimene chinatsala ndi Iridium, gulu la setilaiti 66 zimene zimafika paliponse padziko. Kampani ya Garmin ili ndi njira yake yotumizira zanyengo yotchedwa Connext, imene imadutsa mu GSR 56, chipangizo chomangirira m'ndege, ndipo kuchimanga kumafuna injiniya wovomerezeka ndiponso mapepala oyenera a Zambia Civil Aviation Authority. Kampani ya Golze ya ku Germany imapanga zipangizo za ADL, zina mwa izo zonyamula m'manja, zimene zimatumiza zanyengo ku tabuleti kudzera pa Wi-Fi. Popeza ndegeyi ndimagawana ndi anzanga, ndinakonda chonyamula m'manja.

Apa ndi pamene ndinataya nthawi yambiri, ndipo sindikudandaula. Chithunzi chokongola cha mvula, chobiriwira ndi chofiira, chimene otsatsa malonda amaonetsa, chimachokera ku makina a radar a pansi, osati ku setilaitiyo. Kumene kulibe radar, mapu amangokhala oyera, ndipo munthu wosadziwa akhoza kuganiza kuti kunja kwacha bwino pamene kutsogolo kukugwa chimvula. Choncho musanalipire, funsani kuti zimene mudzalandire pa njira yanu yeniyeniyo zikuchokera kuti. Kwa ine zothandiza zinali zitatu: malo amene mphezi zagwa posachedwa, zithunzi za setilaiti zoonetsa kuzizira kwa nsonga za mitambo, pakuti mtambo wozizira kwambiri pamwamba ndiye wautali ndiponso woopsa, komanso METAR yatsopano ya kumene ndikupita.

Kenako ndinayang'ana msinkhu wa uthengawo. Mu 2012 bungwe la NTSB, lofufuza ngozi za ndege ku America, linachenjeza kuti chithunzi cha radar cha m'ndege chikhoza kukhala chakale ndi mphindi 15 mpaka 20 kuposa nthawi yolembedwa pa sikirini. Pa mphindi zimenezo ndege yanga imayenda mamailosi oposa 30, ndipo mtambo nawo sukhala malo amodzi. Uthenga wotere ndi wosankhira njira mudakali kutali, si wopitira pakati pa mitambo iwiri. Chimene sichichedwa ndi chipangizo chotchedwa Stormscope, chimene chimamva mphezi pachokha m'ndege momwemo mpaka mamailosi 200, koma chosaona mvula yopanda mphezi.

Ndisanachikhulupirire chipangizocho, ndinauluka nacho maulendo angapo ndikuyerekeza zimene chikunena ndi zimene maso anga akuona komanso zimene oyendetsa ndege anzanga akunena pa wailesi. Tsiku lina masana, ndikubwerera ku Lusaka, tabuleti inaonetsa timadontho ta mphezi titaunjikana kum'mawa kwa mzindawu, pamene pawindo ndinkangoona chifunga chotuwa. Ndinapempha chilolezo kwa oyang'anira kayendedwe ka ndege, ndinakhotera kumpoto kuti ndisiye mamailosi 20 pakati pa ine ndi mtambowo, ndipo ndinatera mochedwa ndi mphindi khumi, mphepo yozizira ya mvulayo ikuyamba kumene kuwomba udzu wa m'mbali mwa bwalo.