Akonzi osalandira chipondamthengo

Anzanga amene tinaphunzira nawo utolankhani ku Blantyre akamatchula akonzi ena a nyuzipepala, amati ndi munthu wachilungamo chifukwa salandira chipondamthengo. Zoonadi salandira. Ndinaona ndi maso anga akubweza envulopu pa msonkhano wa atolankhani, anthu akuyang'ana. Koma ine mbiri yawoyi sindiivomereza.

M'kalasi tinkaphunzira malamulo a Media Council of Malawi, bungwe loyang'anira khalidwe la atolankhani, makamaka loletsa mtolankhani kulandira mphatso kwa anthu amene akuwalemba. Aphunzitsi ankatikumbutsa za nthawi ya Kamuzu, pamene Daily Times ndi Malawi News zinkalemba zokomera boma basi, ndi mmene nyuzipepala zinachulukira pa nthawi ya riferendamu ya 1993, chaka chomwe Aleke Banda anayambitsa The Nation. Anatiuzanso za 2010, boma la Bingu wa Mutharika litalamula maunduna ake kuti asiye kutsatsa malonda mu The Nation. Ife tinkalemba zonsezi m'makope ngati mbiri yakale yoti tikhozere mayeso.

Tanthauzo lake ndinalimva nditapita kukaphunzira ntchito ku nyuzipepala ya akonzi aja. Ndinalemba nkhani ya antchito a kampani ina amene anatha miyezi osalandira malipiro. Ndinali ndi makalata awo, ndinayankhula ndi a ofesi ya zantchito, ndinapatsanso bwana wa kampaniyo mpata woyankha. Akonzi anaiwerenga yonse, nandiuza mofatsa kuti, "Mwana wanga, nkhaniyi mwailemba bwino, koma tiisunge kaye." Kampaniyo inkagula tsamba lathunthu la malonda sabata iliyonse. Nkhaniyo sinatuluke.

Ndikudziwa kuti kuyendetsa nyuzipepala kuno n'kovuta. Pepala losindikizira limagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo ndalama zogulitsa nyuzipepala m'misewu sizikwana kulipira atolankhani. Malonda ndiwo amadyetsa nyumba yonse. Akonzi amene aopa kukhumudwitsa otsatsa malonda akuganizira ana a antchito awo, ndipo zimenezo sindizipeputsa. Chimene chimandipweteka n'chakuti mtolankhani wachinyamata wolandira kangachepe kuti akwere minibasi timamunyoza poyera, pamene akonzi okwirira nkhani chifukwa cha tsamba la malonda timawaitana kuti adzaphunzitse ophunzira za khalidwe labwino. Envulopu imaoneka ndi maso, koma nkhani yokwiriridwa owerenga sadziwa n'komwe kuti inalipo.

Antchito aja ankandiimbira foni kufunsa tsiku lomwe nkhani yawo ituluke. Mayi wina mwa iwo anali atathamangitsidwa m'nyumba ya lendi ku Ndirande. Patapita milungu ingapo antchitowo anachita sitalaka, ndipo nkhani yawo inamveka pa wailesi ina. Nyuzipepala yathu sabata imeneyo inatuluka ndi tsamba la malonda la kampaniyo monga mwa masiku onse.