Tinangotsala ndi fluconazole

Lolemba ndi Lachiwiri sindinenapo zambiri, mukudziwa kale: a BP osiya mankhwala chifukwa "akupezako bwino", a shuga obwera phazi litayamba kale kununkha, mzere wosatha. Chomwe chandikhala pamtima ndi naiti ya Lachitatu.

Cha m'ma 10 koloko usiku anabwera nawo bambo wina wa zaka za m'ma 30, khosi louma, akubwebweta. Mutu unayamba kuwawa masabata awiri apitawo, ndipo ma ARV anasiya chaka chatha. CrAg, kuyeza kofufuza fangasi woyambitsa cryptococcal meningitis (matenda otupitsa zokuta ubongo), inatuluka positive. Titabaya pamsana ndi singano yochotsera madzi (LP), madzi anachita kuthamanga ngati watsegula mpopi. Manometer, chipangizo choyezera mphamvu ya madziwo, tilibe, ndiye ndinachotsa moyerekeza ndi maso mpaka atayamba kudontha pang'onopang'ono.

Chochita ndi cryptococcal meningitis masiku ano si chinsinsi. Kafukufuku wa AMBITION anachitika ku Botswana, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, zotsatira zake n'kutuluka mu 2022: dripu imodzi yokha ya liposomal amphotericin B (mtundu watsopano wa mankhwala opha fangasi), 10 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi, pamodzi ndi flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14. Pofika masabata 10, omwalira anali 24.8 peresenti, pomwe mwa olandira amphotericin wa mtundu wakale kwa sabata yathunthu anali 28.7. Kuwonongeka kwa impso ndi kuchepa kwa magazi zinatsikanso. WHO inaika njirayi m'malangizo ake chaka chomwecho.

Ndinaimba kufamase. Liposomal anatha mwezi watha. Nanga flucytosine? Mnzathu wakumeneko anangopumira m'mwamba: "Adokotala, oda tinalemba kalekale." Pashelefu panali fluconazole yekha, ndipo tonse tikudziwa kuti payekha amachedwa kupha fangasi.

Akazi a bambo aja ananditsatira mpaka pakhomo la wodi. "Adokotala, mankhwala mwawayambitsa, eti?" Ndinati, "Eya mayi, tayamba." Bodza silinali, koma sindinathe kuwayang'ana m'maso.

Tsono chondipsetsa mtima chinadza m'mawa mwake. Ndisanagone n'komwe, tinaitanidwa kumsonkhano wa maphunziro, ndipo mutu wake unali AMBITION yemweyo! Abwana anaonetsa ma slide okongola, anthu n'kuomba m'manja. Nditafunsa za sitoko, anati nkhaniyo ili m'manja mwa ogula mankhwala, tidikire. Odwala a maiko osauka ndi amene anapereka misana yawo kuti umboniwu upezeke, lero mankhwala ake tikuwaonera pa projekita.

Lachinayi ndi Lachisanu ndinabwereza kuchotsa madzi a pamsana, poti n'chokhacho chimene manja anga akanatha. Lachisanu madzulo bambo aja anazindikira akazi awo n'kupempha madzi akumwa. Posiyira mnzanga wa wikendi, ndinamulembera mufayilo kuti singano za LP zatsala ziwiri, ndipo azizisungira bambo aja a pa bedi 6.