Ulendo wathu wa ku eMalahleni: utsi wa malasha ndi matenda a shuga

Tinanyamuka ku Rosettenville, mu Joni, kusanache, Loweruka la pakati pa Julayi, anthu 14 m'minibasi imodzi, ambiri ndife amayi a gulu lathu la chipereganyo. Anzathu a ku eMalahleni, Amalawi amene amakumana mwezi ndi mwezi kuti azilimbikitsana pa matenda a shuga, anatiitana kalekale, koma ntchito za m'nyumba za mabwana sizipereka mpata. Ine ndinali woyamba kulembetsa. Bambo a kunyumba anawapeza ndi shuga zaka zitatu zapitazo, ndipo chiyambire ndakhala ndikudziimba mlandu kuti tiyi wanga wotsekemera ndi nsima ya ufa woyera ndi zimene zinawapweteka.

Pa msewu wa N12, titadutsa Delmas, dzuwa linatuluka lofiira psuu. Kutsogolo kunali chimtambo chabulawuni chogona pansi, nsanja za malo opangira magetsi a Kendal zikusuzumira pamwamba pake. Amayi a pampando anati ndi nkhungu. Dalaivala anapukusa mutu: "Iyayi amayi, umenewo ndi utsi." M'nyengo yozizira kuno mpweya wozizira umakhala pansi, wofunda n'kuuvindikira pamwamba ngati chivindikiro cha mphika, choncho utsi wa m'mafakitale, wa magalimoto ndi wa mbaula umasowa kothawira mpaka dzuwa litakwera.

Anatilandirira m'katchalitchi ka malata, ndipo amene anatiphunzitsa ndi nesi wa m'gulu lomwelo. Anazula tsitsi limodzi m'mutu mwawo n'kulikweza m'mwamba. Anati muutsi muli tinthu totchedwa PM2.5, tochepa kotero kuti mungatindandalitse pafupifupi 30 kuti tifanane ndi kunenepa kwa tsitsi limenelo. Mphuno sizitha kutisefa. Timatsika mpaka pansi pa mapapo, poizoni wake n'kufika m'magazi, thupi n'kumatupa mkati mwakachetechete. Zikapitirira zaka ndi zaka, insulini imasiya kugwira bwino ntchito yake yochotsa shuga m'magazi. Anatiuza za kafukufuku wa mu 2018 amene anatsata asilikali opuma a ku America okwana 1.7 miliyoni kwa zaka zoposa 8. Ofufuzawo anawerengera kuti m'chaka cha 2016 chokha, mpweya woipa unathandizira kuti anthu 3.2 miliyoni padziko lonse ayambe kudwala shuga, kapena kuti 14 mwa odwala atsopano 100 aliwonse.

Apa m'tchalitchi munangoti zii. Ine misozi inalengeza, chifukwa bambo aja akhala zaka zambiri akugulitsa m'mphepete mwa msewu, utsi wa matekisi ukuwapemerera kumaso tsiku lonse.

Agogo ena aamuna anafunsa mosabisa mawu: "Ndiye mwana wanga, kusala zakudya konseku tikungodzizunza?" Anesi anakana mwamphamvu. Anati kunenepa kwambiri, kusayendayenda, zakudya komanso kumtundu, zonsezi zikadali pomwepo, utsi ukungowonjezera katundu pamutu pa munthu wolemedwa kale. Mankhwala asasiyidwe. Ndinakondwa kuti ananena choncho, poti ndikudziwa anthu akwathu amene akanabwerera kunyumba n'kukataya mapiritsi.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi chakuti nkhaniyi akuluakulu akuidziwa bwino. Boma la South Africa linalengeza mu 2007 kuti dera la Highveld, kumene kuli eMalahleni, likufunika chisamaliro chapadera pa nkhani ya mpweya, ndipo deralo likuphatikiza Ekurhuleni, kufupi ndi Joni, kumene abale athu ambiri amakhala. Mu Marichi 2022 khoti lalikulu ku Pretoria, pa mlandu umene mabungwe a groundWork ndi Vukani anakasuma, linagamula kuti mpweya wa kumeneko ukuphwanya ufulu wa anthu wolembedwa m'ndime 24 ya malamulo aakulu a dziko. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2021 linati mulingo wa pachaka wa tinthuti usapose mamayikirogalamu 5 pa kiyubiki mita iliyonse ya mpweya, koma malamulo a dziko lino amalola 20.

Titadya, mayi wina anatitengera kuseri kwa nyumba kukationetsa kakolezedwe kotchedwa Basa njengo Magogo, kutanthauza kuti koleza ngati agogo. Mbaula ziwiri, malasha ofanana. Yoyamba anaikoleza monga timachitira tonse, mapepala ndi nkhuni pansi, malasha pamwamba, ndipo inafuka chiutsi chachikasu mpaka tinathawa tikutsokomola. Yachiwiri anayamba ndi malasha pansi, kenako mapepala ndi tinkhuni, n'kuika timalasha tochepa pamwamba. Moto unayaka kuchokera kumwamba kutsika pansi, utsi ukupsera m'malawi momwemo, ndipo madzi a tiyi anawira inzake ija ikadafukabe. Anatichenjezanso kuti tisamalowetse mbaula m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji, popeza mpweya wake umapha munthu ali m'tulo. Ndinakumbuka khitchini ya amayi anga ku Ntcheu, denga lake lakuda bii ndi mwaye, iwo atawerama pamafuwa kuyambira utsikana wawo.

Tisananyamuke anesi anatibaya pachala tonse. Asanu ndi mmodzi mwa ife anali asanayezetsepo shuga chibadwire, ndipo awiri anauzidwa kuti akaonekere kukiliniki sabata yomweyo, asanadye kanthu m'mawa. Tinagwirizana kuti anzathu a ku eMalahleni aja adzabwere kwathu mu Okutobala ndi kamakina kawo koyezera.

Tinalowa mu Joni madzulo, ndipo chimtambo chija chinali chitagonanso pamwamba pa tauni yathu. Kunyumba ndinapeza bambo atafunda bulangete, mbaula ili pakhomo akudikira kuti ailowetse. Ndinaibweza panja, n'kukhala nawo pansi kuwafotokozera za tsitsi lija.